Wakuba Amene Anavula Chipewa

Jenereta ya a Danieli Kampira inabedwa Lachiwiri pa 11 Okutobala 1994, dzuwa likuswa mtengo, eni ake ali kumaliro.

Iwo ndi akazi awo, a Marita, anachoka pakhomo 10 koloko m'mawa. Anabwerako 5 koloko itangopitirira. Chitseko chinali chokhoma monga anachisiyira. Mawindo anali abwinobwino. Wailesi inali pa tebulo, makina osokera ali pamalo pake. Koma nkhuku zinali balalabalala pabwalo.

A Marita anathamangira kuseri. Khomo la khola linali pululu. Matabwa atatu apansi anali atazulidwa. Pansi pake panali dzenje loyalidwa malata, ndipo m'dzenjemo munatsala chiguduli chimodzi chokha.

A Danieli anafika pambuyo, nasuzumira. Sanakuwe. Anangokhala pansi pa zitosi, suti yakumaliro ili m'thupi.

Anali ndi zaka 66. Anabwera ku Dar es Salaam mu 1957, nagwira ntchito padoko zaka 35. Mu 1992, boma litayamba kugulitsa makampani ake, anawauza kuti akapume. Mu Ogasiti 1994 anagula jenereta yaing'ono yofiira m'sitolo ina ku Kariakoo, nthawi imene masitolo anali atadzaza katundu wakunja. Chaka chimenecho magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, ndipo majenereta ankabedwa ngati mango. N'chifukwa chake anakumba dzenje m'khola.

Cholinga chawo chinali chimodzi: kubwerera kwawo ku Ntcheu, kukatsegula malo ometera ndi oonetsera kanema pa Lizulu. Christopher, dalaivala wa lole ya katundu wa ku Malawi, anali atavomera kuwatenga Loweruka pa 15.

Nyumba yawo inali ku Minazi Saba, m'dera la Kigamboni, tsidya lina la doko. Wopita m'tauni ankakwera pantoni, chombo choolotsa anthu ndi magalimoto. Ngakhale nyumba zosanja za mumzinda zinkaoneka poima pagombe, Minazi Saba unali mudzi chabe: msewu umodzi, msika umodzi, tchalitchi chimodzi, mzikiti umodzi. Kumapeto kwa msewuwo kunali nyumba 38 za anthu ochokera ku Malawi, amene eni dziko ankawatchula kuti Wanyasa.

Sajeni Evarist Mwita wa polisi ya Minazi Saba anafika 6 koloko isanakwane. Anali munthu wamtali, wa zaka 47, wamaso otopa. M'thumba la buluku munali buku lopindika. Anayendera nyumba, nayendera khola, nayankhula ndi a Danieli m'Chiswahili, akuwatchula Mzee, kutanthauza mkulu.

"Mzee, m'nyumba sanalowemo?"

"Sanalowemo."

"Ndiye anafika n'kulunjika kukhola. Ankadziwa. Ndani ankadziwa za dzenjeli?"

"Ine. Akazi angawa. Ndi Filipo, amene anandithandiza kukumba."

"Filipo ndi ndani?"

A Danieli anayang'ana kuchipata. Kumeneko kunaima mwamuna wa zaka 31, tsitsi lambiri losapesa, malaya osamanga mabatani. Fungo la mowa wa mnazi, uchema wa kokonati, linafika iye asanafike. Anali mwana wawo yekhayo wamwamuna. Anabadwira ku Dar es Salaam, ndipo chichotsedwereni ntchito kufakitale ya nsalu mu 1993 ankangokhala padoko la pantoni. Chichewa sankayankhula. Makolo ake akamuyankhula, iye ankayankha m'Chiswahili kapena kungochoka.

"Kumaliro sindinakuone," anatero bambo ake.

"Ndinali kumsika wa nsomba."

"Ndi ndani?"

"Ndi anthu."

A Danieli anatembenukira kwa akazi awo nasintha chiyankhulo, monga ankachitira nthawi zonse akafuna kuti mlendo asamve. Anati m'Chichewa, "Marita, tinabereka mbava. Bwenzi atangofa ali khanda, tikanalira kamodzi n'kuiwala."

"Abambo ake a Filipo, musatero."

"Ndatero kale."

Filipo anayang'ana pansi. Sajeni analemba kanthu m'kabuku kake. Nkhope yake sinasinthe.

"Afande, mutengeni," a Danieli anauza Sajeni m'Chiswahili, akumutchula monga amatchulira apolisi kumeneko. "Mukamufunse kumene wagulitsa."

Filipo anagona m'chitolokosi usiku umenewo. Anafunsidwa katatu, nayankha chimodzimodzi katatu.

Lachitatu 7 koloko m'mawa Sajeni anali padoko la pantoni. Ogulitsa matikiti, onyamula katundu, amayi ogulitsa nsomba, onse ankawadziwa a Danieli, onse anali atamva kale. Palibe anaona katundu wotere akuoloka. Anafunsanso madalaivala awiri a madaladala, maminibasi a kumeneko, oyenda njira yapamtunda yodzera ku Kongowe. Nawonso anakana. Ku Kigamboni munthu sungaolotse ngakhale mbuzi anthu khumi osakufunsa mtengo wake. Jenereta inali isanachoke.

Anabwerera ndi msewu wa Minazi Saba. Pafupi ndi nyumba ya malemu a Leticia Sakala, amene anaikidwa dzulo lake, panali nthambi za mango zoyalidwa mopingasa msewu. Zina zinali apa, zina patsogolo, mapazi ngati zana. Nyumba ya siwa inali mkati, kuseri kwa mpanda, kosaonekera kumsewu.

Cha kumsika, pansi pa mtengo, panali mbaula ya Bi Mwanakheri, mayi wachikulire wogulitsa vitumbua. Anakhala pamalo amenewo zaka 22.

"Shikamoo, Bi Mwanakheri," Sajeni anapereka moni waulemu.

"Marahaba, afande. Mwam'manga mwana wa Mzee Danieli? Mwamanga mphepo. Ameneyo sangabe, alibe mphamvu zonyamulira ngakhale manyazi ake."

"Dzulo masana munaona chiyani?"

"Utsi. Maso angawa anatha ndi utsi."

"Kupatula utsiwo."

Mayiwo anatembenuza vitumbua. "Mzikiti utangoitana pemphero la masana, 1 koloko itadutsa, panabwera njinga kuchokera kwa Wanyasa. Yakuda, ngati zonsezi. Kumbuyo inamanga katundu wamkulu wokutidwa ndi matumba a makala. Pamene inkandidutsa ndinali ndikukangana ndi kasitomala, nkhope sindinaione. Koma isanandifike, ili pamasamba paja, mwini wake anatsika."

"Katundu anamulemera?"

"Ayi. Panopo ndi pamtetete. Anatsika, navula chipewa, nayenda wapansi ataweramitsa mutu mpaka masamba achiwiri. Atadutsa anavalanso, nakwera, napita. Ndinaseka ndekha. Ndinati kodi munthuyu akupereka ulemu kwa mango?"

"Ndani ameneyo?"

"Ndi chimene chikundisowetsa mtendere. Anali wadazi, pakati pa dazipo pali chipsera chachitali choyera. Afande, mitu yonse ya pano ndimaidziwa. Ina ndinaiona ikubadwa. Umenewo sindinauonepo."

Sajeni anaima kanthawi akuyang'ana masamba aja. Njinga ziwiri zinadutsa, zonse zikuponda nthambi osaima. Eni dziko anali ndi njira zawo zolemekezera maliro, koma iyi sinali yawo.

11 koloko anali kwa a Kampira. A Danieli anali pakhonde, makatoni omanga kale ali kumbuyo kwawo. Sajeni anakhala pa mpando, natulutsa kabuku kake, buku lopindika lija n'kugwa pansi.

A Marita anang'ung'udza m'Chichewa, "Taonani wapolisi wathu. Mwana wanga akudyedwa ndi nsikidzi, iye akuyenda ndi mabuku ngati mphunzitsi."

Sajeni anatola bukulo, nalipukuta fumbi.

"Ndikumva, mayi," anatero m'Chichewa cholemera, chotuluka liwu limodzilimodzi. "Kuyankhula ndiye kumandivuta."

A Marita anagwira pakamwa.

Sajeni anapitiriza m'Chiswahili. "Bambo anga anali a ku Musoma. Mayi anga ndi a Eveles, a ku Ntchisi, ali moyo ku Tabata. Ndinakula ndikumva chiyankhulo chanuchi kukhitchini. Tilipo ambiri otere. Inu akuluakulu mumayesa Chichewa ndi bokosi lokhoma. Si choncho."

A Danieli anatsokomola.

"Mzee, masamba ayalidwa pamsewu paja. Munthu wa pa njinga akafika pamenepo amatani?"

"Munthu woleredwa amatsika. Amavula chipewa. Amadutsa mwakachetechete."

"Filipo angatero?"

"Ameneyo? Pa maliro a amalume ake enieni anadutsa pamasamba akuimba mluzu. Ana obadwira kunowa sadziwa kanthu."

"Ndiye si Filipo."

Anawafotokozera zimene Bi Mwanakheri anaona. A Marita anayamba kulira. A Danieli anauma nkhope.

"Anatuma mnzake," anatero. "Wakuba sayenda yekha."

"Mwina. Tsopano ndiuzeni amuna a nyumba 38 zija amene sanabwere kumaliro."

Apa a Marita sanafune pepala. Anapukuta misozi nayamba kutchula nyumba ndi nyumba, kuyambira kutchalitchi mpaka kuchitsime: amene anakumba manda, amene ananyamula bokosi, amene anafika mochedwa, amene anagona ulaliki uli mkati. Zinatenga mphindi 25. Amene sanabwere anali anayi. Madalaivala awiri anali paulendo wa ku Lilongwe. Wachitatu anali nkhalamba yosaona. Wachinayi anali Filipo.

"Ndiye pali munthu wakwanu wina amene inu simukumudziwa," anatero Sajeni.

"Sizingatheke," anatero a Danieli. "Munthu wakwathu akafika pa pantoni m'mawa, madzulo timakhala titadziwa mudzi wake ndi dzina la agogo ake."

"Za dzenje lija munakambapo pabwalo pano pali mlendo?"

"Tinkakamba m'chathu. Akanamva ndani?"

"Ndinamva ine dzulo."

A Marita anawerenga pa zala. Alendo amene analowa pabwalo kuyambira Ogasiti anali atatu: wogulitsa madzi, wowerenga mita ya magetsi, ndi Fundi Godbless Komba, wokonza njinga ndi maloko kumsika, amene anadzasintha loko wa chitseko mu Seputembala.

"Koma Fundiyo, a Kachipewa, ndi a ku Songea, m'dziko momuno," anatero a Marita. "Akhala pano zaka zitatu. Moni wathu yemwe sadziwa."

"A Kachipewa?"

"Ndi mmene timawatchulira ife amayi. Chipewa chawocho savula, ngakhale m'tchalitchi amakhala kumbuyo nacho. Timawanena ali pomwepo, amangomwetulira."

Sajeni sanalembe kanthu. Anatseka kabuku kake.

Madzulo a tsiku limenelo anamasula Filipo. Koma atafika kwawo, bambo ake anaima pachipata. Anamuuza kuti pakhomo pamenepo palibe malo ake, kuti Loweruka iwo akupita kwawo chimanjamanja, ndipo akafunsidwa kumudzi adzati anabereka ana aakazi okhaokha. Filipo anabwerera kudoko, nakagona pa benchi.

Sajeni akanatha kupita kumsika nthawi yomweyo n'kukagwetsa chipewa cha Fundi ndi dzanja. Koma dazi si mlandu, ndipo katundu akanakhala kuti wabisidwa kwina, akanatayidwa m'nyanja tsiku lomwelo. Panalinso wamadzi ndi wamagetsi, onse ovala zipewa. M'malo mwake anapita kwa a Sakala kukapepesa maliro. Potsanzika anapempha chinthu chimodzi: kuti masamba apamsewu asachotsedwe mpaka Lachisanu, ndipo m'mawa ayalepo ena aawisi.

Lachinayi 7 koloko m'mawa anakhala pa chitsa pambali pa mbaula ya Bi Mwanakheri, atavala zovala wamba. Anatsegula buku lake.

"Afande, wakubayo ali m'bukumo?"

"Wa m'bukumu ndamupeza kale. Ndi mkazi wa dokotala."

"Nanga mukuwerengeranji?"

"Ndione ngati wolembayo akugwirizana nane."

Mabuku amenewa ankawagula m'mbali mwa msewu m'tauni, pamene ogulitsa kaunjika anayamba kubwera ndi mabuku akale a ku Ulaya pamodzi ndi majekete. Anali nawo 40 ndi mphambu. Onse anali a nkhani zopeka za upandu, ndipo amene ankawakonda anali ochitikira m'timatauni tating'ono.

"Ndinagwira ntchito tsidya lija zaka 19," anatero, akuloza kumzinda ndi chibwano. "Kumeneko munthu akaberedwa umalemba, n'kuika pepala pa mulu. Wakuba alibe dzina. Wakwera daladala, wapita ku Mwenge, wasanduka mmodzi mwa anthu mamiliyoni awiri. Mafayilo anga ambiri anadyedwa ndi chiswe. Koma m'mabukumu mumakhala msewu umodzi ndi sitolo imodzi. Aliyense amadziwa chimene mnzake wadya. Wakuba amakhala woti munadya naye pa ukwati."

"Ndiye n'zokoma zimenezo?"

"Powerenga zimakoma. Umadziwa kuti pomaliza apezeka."

"Nanga kunja kwa buku?"

"Kunja kwa buku ukam'gwira, mawa umakumana ndi mkazi wake pachitsime."

Bi Mwanakheri anaseka, nam'patsa chitumbua chimodzi. "Ichi n'chaulere. Chachiwiri mugula."

Dzuwa linakwera. Sajeni ankalemba kamzere kuseri kwa buku pa njinga iliyonse. Pofika 12 koloko zinali 44. Zisanu zinaima pamasamba, okwerapo n'kutsika. Onse asanu anali madoda a kwa Wanyasa amene a Marita anawatchula kuti anali kumanda. Wogulitsa madzi anadutsa kawiri ndi ngolo yake, akuponda nthambi, akuimba. Wamagetsi anadutsa 1 koloko, chipewa chili pamutu, osayang'ana n'komwe pansi.

2 koloko magetsi anazima. Wailesi za kumsika zinakhala chete. Masamba anayamba kufota. Sajeni anamaliza buku lake. Wakuba wa m'bukumo analidi mkazi wa dokotala.

Nthawi ili 3:20 Fundi Godbless anatulukira kuchokera kumsika, pa njinga yakuda, bokosi la zipangizo lili pa kaliyala. Anali munthu wamfupi, wa zaka ngati 45, chipewa chabuluu chofika m'makutu. Anapereka moni kwa Bi Mwanakheri m'Chiswahili chosalala, nadutsa.

Atafika pamasamba anayang'ana uku ndi uku. Pamsewu panalibe wa kwa Wanyasa aliyense. Anatsika. Dzanja linakwera lokha, chipewa chinachoka.

"Mutu uja ndi umenewo," ananong'ona Bi Mwanakheri.

Sajeni anaika buku pa chitsa. Anayenda mosathamanga mpaka anafika pambali pa Fundi, pakati pa masamba oyamba ndi achiwiri. Anayenda naye mapazi angapo. Kenako ananena m'Chichewa motsitsa mawu, monga ankamvera mayi ake akunena pa maliro onse a ku Tabata:

"Pepani ndi zovutazi, achimwene."

"Zikomo," anatero Fundi.

Anayendanso mapazi awiri. Kenako anaima.

Kuseri kwa mpanda wa a Sakala amayi ankatsuka mapoto. Fundi anayang'ana chipewa chili m'manja mwake ngati wina wangomupatsira.

"Afande, sindinamve zimene mwanena," anatero m'Chiswahili.

"Mwayankha bwino. Tiyeni kumsika."

Sanathawe. Ku Kigamboni wothawa amakathera padoko, kudikira pantoni pamodzi ndi amene akum'thamangitsa.

Jenereta inapezeka 4:10, kuseri kwa shedi yake, pansi pa mulu wa matayala akale. Inali ikadali m'matumba a makala. Pofika nthawi imeneyo msika wonse unali utasonkhana. Sajeni anam'lola kuvala chipewa chake asanamumange unyolo.

Kupolisi anafunsidwa 5 koloko. Anapempha madzi, namwa, nayamba kuyankhula Chichewa. Chinatuluka chosalala, cha ku Dedza, ngati madzi a mpope umene unatsekedwa nthawi yaitali. Sajeni anachita kumuuza kawiri kuti achepetse liwiro.

Dzina lake lenileni linali Laurent Nthala, wa ku Linthipe. Anachoka kwawo mu 1976, atamenyana ndi anthu ena pamsika pa nkhani ya khadi la chipani. Chipsera chija chinali cha tsiku limenelo. Anaoloka malire wapansi, nakhala ku Songea zaka zisanu ndi zitatu, napeza mapepala a dzina lina. Kuyambira pamenepo sanayankhulenso Chichewa ndi munthu.

"Nanga bwanji munadzakhala pafupi ndi anthu akwanu?"

"Kuti ndizimva. Basi. Ndimakonza njinga zawo, iwo akukamba zakwathu, mvula, mitengo ya feteleza, amene wamwalira. Amayi aja amandinena. A Kachipewa abwera. A Kachipewa ali ndi zipere. Ndimangomwetulira." Anaseka pang'ono. "Tsiku lina a Marita anati mwina ndimasungamo ndalama za lendi. Ndinatsala pang'ono kuyankha."

"Za dzenje munamva liti?"

"Tsiku la loko. Ndili chogwada pachitseko, mdala uja akufunsa mkazi wake ngati wabwezera matabwa m'khola, kuti chinyezi chisalowe m'jenereta. Anali pafupi ngati pamene mwakhalapo."

"Munabiranji?"

Laurent anayang'ana pawindo. "Boma lasintha kwathu. Aliyense akupita. Christopher ulendo uliwonse amanyamula banja. Ine zaka 18. Ndikafike ndi chiyani? Sipanala?"

"Munadziwa kuti mwana wawo wamangidwa?"

"Ndinamva."

"Ndipo munangokhala."

"Ndinangokhala."

Sajeni analemba. Kenako anaika cholembera pansi. "Funso ili si la m'fayilo. Munali ndi katundu wakuba pa njinga. Munatsikiranji?"

"Sindinaganize. Kuseri kwa mpanda ankaimba nyimbo ija yotulutsira maliro m'nyumba. Mayi anga anamwalira mu 1983, ndinamva patapita zaka ziwiri. Miyendo inatsika yokha, afande. Munthu sudutsa pamasamba utakwera."

Loweruka pa 15 lole ya Christopher inanyamuka popanda a Kampira. Jenereta inali umboni, sikanachoka mlandu usanathe. A Danieli anamasula makatoni awiri, wa mapoto ndi wa zofunda. Ena anawasiya omanga. Kudoko sanapiteko. A Marita ndi amene ankapita madzulo aliwonse ndi chakudya m'kambale, n'kubwerako okha.

Mlandu unalowa Lolemba pa 24 Okutobala ku khoti la ku Temeke. Laurent Nthala, wotchedwanso Godbless Komba, anavomera. Zonse zinatenga mphindi 18. Anagamulidwa kukhala kundende zaka zitatu, ndipo akadzamaliza adzaperekezedwe kumalire chifukwa cha mapepala abodza. Atamva mbali yomalizayi anagwedeza mutu. Kwawo adzafikako ndithu, pa galimoto ya boma, wopanda ngakhale sipanala.

Lachitatu Sajeni anabweretsa jenereta pa ngolo. A Danieli anasaina pepala, naiyang'ana mbali zonse.

"Afande, mwagwira ntchito."

"Ntchito anagwira ndi masamba anu. Mwana wanu ali pa benchi yachitatu kuchokera pogulitsira matikiti. Lero ndi tsiku la 14."

"Ndikudziwa pamene ali."

"Ndikudziwa kuti mukudziwa. Pano aliyense amadziwa zonse. Ndi chimene chimatopetsa."

Christopher anabweranso kumapeto kwa sabata imeneyo. Anatumiza uthenga kuti lole ikhala ikudikira tsidya, Loweruka pa 29, ndipo inyamuka 9 koloko kaya abwera kaya sabwera.

7 koloko m'mawa theka la nyumba 38 zija linali padoko. Amayi anayamba nyimbo, nailekera pakati chifukwa cha phokoso la injini ya pantoni. Makatoni anakwezedwa. Inatsala jenereta. Onyamula katundu awiri anathamangira, koma a Danieli anawabweza ndi dzanja. Anaima pambali pake, akuyang'ana kumabenchi.

Filipo anadzuka. Anali atameta, malaya atamanga mabatani. Anabwera osayang'ana munthu, nawerama, nasenza jenereta paphewa. Anakwera nayo pantoni, naitsitsa pakona posafika madzi. Bambo ake anam'tsatira. A Marita anakakhala kutali dala.

Chombo chinanyamuka. Kuoloka kumatenga mphindi khumi.

A Danieli anayamba m'Chiswahili. "Nyumba ija ndasiya m'dzina lako. Makiyi ali ndi a Sakala. Loko usinthe."

"Chabwino."

"Nkhuku uzizitsekera."

"Chabwino."

Doko la tsidya linayandikira. Anthu anayamba kukankhana kulowera kuchipata. A Danieli anavula chipewa chawo, nachizunguza m'manja. Mawu otsatirawo sanawapeze m'Chiswahili. Anawanena m'Chichewa, motsitsa, akuyang'ana madzi, ngati munthu amene akuyembekeza kuti mwina samveka.

"Pepa, mwana wanga. Ndinalakwa."

Filipo anawerama, nagwira chogwirira cha jenereta. Anakhala choncho mpaka chitsulo cha pantoni chinagunda simenti.

"Ndamva, bambo," anatero m'Chichewa. "Zija za tsiku lija ndinamvanso."

Anasenza katunduyo, natsogola kumka kumene kunali lole.